Phunziro la Mwezi Uno: Kabuku Kathu Tingakachulukitse?

Werengani: Mateyu 10:8

Tikukumbukira kabuku ka kasamalidwe ka odwala pakhomo kamene bungwe lina linatigawira kuno ku Dedza. Ntchito yawo itatha, timabuku tinatha nato. Amayi a ku Linthipe ndi ku Bembeke ankangobwerekana kamodzi kong'ambika. Tinaopa kupanga fotokope, popeza lamulo la dziko lathu la 2016 limateteza mwini buku, ndipo bungwe la COSOMA limayang'anira zimenezi.

Koma alipo eni mabuku amene amapereka chilolezo pasadakhale. Chilolezochi amachitcha Creative Commons, ndipo chinayamba mu 2002. Mukapeza kabuku, onani tsamba loyamba kapena lomaliza. Pakalembedwa CC BY, mungathe kukachulukitsa, kukamasulira m'Chichewa, ngakhale kusintha zitsanzo, bola mutchule amene analemba. Pakawonjezeredwa NC, musagulitse. Pakakhala ND, gawani monga kaliri. Kumasulira n'kugawira ena kumafuna kupempha kaye.

Zimenezi si zakunja kokha ayi. Mu 2009, sukulu ya anamwino ya Kamuzu College of Nursing inakonza maphunziro a uzamba otere mothandizana ndi OER Africa. Nkhani za ana za African Storybook, zina za m'Chichewa, zilinso choncho.

Ife tikuona kuti buku lolembedwa ndi ndalama za thandizo lisamatsekeredwe m'kabati. Obwera ndi thandizo tiziwafunsa tisanasaine: "Kodi mukachoka, tidzaloledwa kuchulukitsa?"

Pamsonkhano wotsatira, aliyense abwere ndi kabuku kamene ali nako kunyumba, tidzaonere limodzi masambawo.