Musanagule galimoto ya kumapiri, yang'anani kunsi kwake

Alimi anzanga, sabata ino ndikufuna tikambirane za gawo la galimoto lomwe ambirife sitiliyang'ana pogula, chonsecho ndi lomwe limatisiya pa msewu nthawi yogulitsa mbewu. Ndikunena za masipuling'i, ma shock absorber ndi zitsulo zina zonse zomwe zimalumikiza matayala ku thupi la galimoto. Amakaniko amazitchula zonsezi ndi dzina limodzi loti suspension.

Nkhaniyi ikutikhudza kwambiri ife a ku Dowa ndi ku Ntchisi. Misewu ya tara ilipo inde, koma mbewu zathu zimachokera m'minda ya kwa Chiwere, kwa Msakambewa, kwa Nthondo ndi kwa Kasakula, komwe misewu yambiri ndi ya dothi, ya zitunda ndi mitsetse, ndipo mvula ikagwa imakumbika ngalande. Kuchokera kumeneko fodya ayenera kukafika ku Kanengo, soya ndi mtedza ku Mponela, pomwe tomato, anyezi ndi mbatata zimayenda malonda pa msika wa Lachiwiri wa ku Dzaleka. Msasa wa anthu othawa kwawo umenewu unatsegulidwa m'chaka cha 1994 ndipo pofika 2022 unali ndi anthu oposa 50,000, onse ofuna chakudya tsiku ndi tsiku. N'chifukwa chake mlimi wochitako bwino, kalabu kapena kopaletivi imalakalaka kukhala ndi pikapu yakeyake. Ndalama zogulira pikapu ndi thukuta la zaka zingapo, choncho ndi bwino kudziwa chomwe mukugula.

Galimoto yatsopano ya miyendo yakale

M'chaka cha 2023 kampani ya Toyota inatulutsa Land Cruiser 70 yokonzedwanso. Uwu ndi mtundu womwe uja wa maambulansi ambiri a m'zipatala zathu komanso magalimoto oyera a mabungwe omwe timawaona akulowa ndi kutuluka pa Dzaleka. Anaikamo injini ya dizilo ya malita 2.8 ndi giya yosintha yokha, ndipo anasinthanso nkhope yake. Koma kunsi anasiya kamangidwe kakale. Pikapu yake, yomwe imatchedwa 79, ili ndi ekiselo yolimba kutsogolo ndi kumbuyo komwe, masipuling'i opotana kutsogolo, ndi masipuling'i a zitsulo zosanjikiza kumbuyo. Mtunduwu unayamba mu 1984 uli ndi zitsulo zosanjikiza mbali zonse, ndipo opotana a kutsogolowa anabwera mu 1999.

A Land Rover anatenga njira ina. Defender yakale inasiya kupangidwa mu 2016, ndipo yatsopano yomwe inayamba kugulitsidwa mu 2020 ili ndi tayala lililonse loyenda palokha. Zambiri mwa izo zili ndi matumba a mpweya m'malo mwa masipuling'i achitsulo. Imayenda mofewa ndipo imatha kudzikweza ikafika pa miyala, koma matumbawo amadalira pampu ndi kompyuta. Thumba likaboola muli ku Nthondo, wowotcherera wa pa msika sangakuthandizeni.

Mwina mukuti ife sitingathe kugula galimoto yatsopano. N'zoona, koma yatsopano ya lero ndi yomwe idzagulitsidwe pa okushoni ya mabungwe zaka zikubwerazi, kapena kubwera ngati kaunjika kudzera ku Dar es Salaam ndi pa Songwe. Phunziro lomwe ndikulitenga pa magalimoto awiriwa ndi lakuti suspension iliyonse inapangidwira ntchito yake, ndipo mlimi asankhe yogwirizana ndi katundu wake, msewu wake ndi makaniko yemwe ali naye pafupi.

Ntchito ya suspension

Ntchito zake ndi zitatu. Yoyamba ndi kusenza kulemera kwa galimoto pamodzi ndi katundu. Yachiwiri ndi kuchepetsa kugwedezeka kuti chesisi isang'aluke, komanso kuti tomato ndi mazira zifike pa msika zisanaphwanyike. Yachitatu, yomwe ambiri saidziwa, ndi kukanikiza matayala kuti akhale pansi nthawi zonse.

Ntchito yachitatuyi ndi yofunika kwambiri pa galimoto yoyendera matayala onse anayi. Tayala limakoka pokhapokha likagunda nthaka. Pa galimoto yopanda chokhomera difu, tayala limodzi likayandama pa ngalande, mphamvu ya pa ekiselo imeneyo imathera kuzungulitsa tayala loyandamalo. Limodzi la kutsogolo ndi limodzi la kumbuyo akayandama nthawi imodzi, galimoto imaima ngakhale inalembedwa 4WD pa chitseko. Mabuleki ndi chiwongolero nazo zimagwira ntchito kudzera m'matayala omwewo.

Mitundu ya masipuling'i

Masipuling'i a zitsulo zosanjikiza ndi omwe timawaona kumbuyo kwa Toyota Hilux, Isuzu D-Max, Land Cruiser 79 ndi malole. Zitsulo zazitali za pamwamba zimagwira ntchito galimoto ikakhala yopanda katundu, ndipo pa mapikapu ambiri pamakhala chitsulo chokhuthala pansi chomwe chimayamba kuthandiza katundu akalemera. Ubwino wake ndi wakuti amasenza katundu, amagwiranso ekiselo kuti isasunthe, ndipo chitsulo chimodzi chikathyoka mutha kusintha chokhacho. Kuipa kwake ndi kwakuti pikapu yopanda katundu imadumpha ngati ngolo.

Masipuling'i opotana amafewa, ndipo amalola tayala kutsika ndi kukwera kwambiri. Koma iwo paokha sagwira ekiselo, choncho amafuna mikono yachitsulo yokhala ndi mabushi a mphira omwe amatha. Pikapu ya Ford Ranger Raptor ili ndi masipuling'i oterewa kumbuyo chifukwa inapangidwira kuthamanga pa misewu yoipa, ndipo katundu yemwe imaloledwa kunyamula safika ngakhale makilogalamu 800. Ikakusangalatsani m'maso, kumbukirani kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Mtundu wachitatu ndi wa ndodo yachitsulo yomwe imapotoka tayala likakwera, ndipo umapezeka kutsogolo kwa mapikapu ambiri akale. Ndodoyi ili ndi bawuti yokwezera. Ena amaimanga mopyola muyeso kuti galimoto ioneke yaitali, koma kutero kumatsala pang'ono kumaliza mpata woti tayala litsikire m'dzenje, ndipo zolumikizira za kutsogolo zimatha msanga.

Ekiselo yolimba kapena matayala oyenda paokha

Ekiselo yolimba ndi chitsulo chimodzi cholumikiza matayala awiri, monga zilili pa ngolo ya ng'ombe. Tayala lina likakwera pa mwala, linzake limakanikizidwa pansi, ndipo difu imakwera limodzi ndi matayala kotero kuti siigunda pansi wamba. Ili ndi zitsulo zochepa zoti zingaonongeke. Pa misewu ya ngalande ya kumapiri kuno, imeneyi ndiyo yopirira.

Mapikapu ambiri a masiku ano ali ndi matayala a kutsogolo oyenda paokha. Pa msewu wa M1, kuchokera ku Madisi kupita ku Lilongwe, amayenda bwino ndipo dalaivala satopa. Chofunika kusamala ndi timatumba ta mphira tomwe timasunga girisi pa zolumikizira za matayala a kutsogolo. Chitsa chikang'amba kathumba kamodzi, mchenga umalowa ndipo cholumikiziracho chimayamba kulira pokhota. Kathumbako n'kotchipa, koma cholumikizira n'chodula.

Shock absorber sisenza katundu

Ndimamva anthu akunena kuti galimoto yagwa kumbuyo ndiye akagule ma shock absorber atsopano. Galimoto ikagwa, atopa ndi masipuling'i. Ntchito ya shock absorber ndi kuletsa sipuling'i kuti isapitirire kudumpha ikagunda bampu. M'kati mwake muli oilo yemwe amakankhidwa kudzera m'timabowo tating'ono, ndipo mphamvu ya kudumphako imasanduka kutentha. Pa msewu wa makwinya ngati malata, oiloyu amatentha kwambiri n'kuchita thovu, ndipo shock absorber imafooka. Apa galimoto imayamba kuvina kumbuyo, ndipo pokhota imatha kutaya msewu. Mankhwala ake ndi kuchepetsa liwiro.

Shock absorber yakufa mutha kuizindikira motere. Imachucha oilo m'mbali mwake. Mukayenda makilomita angapo pa msewu wa dothi n'kuikhudza mosamala, yamoyo imakhala yofunda pomwe yakufa imakhala yozizira. Matayala amadyeka mwa zigambazigamba. Posintha, sinthani zonse ziwiri za pa ekiselo imodzi.

Mdani wamkulu ndi katundu wopyola muyeso

Pikapu zambiri za kabu imodzi zinapangidwa kuti zinyamule pafupifupi tani imodzi, ndipo za makabu awiri nthawi zambiri zimachepera pamenepo. Nambala yeniyeni ya galimoto yanu ili m'buku lake kapena pa kachitsulo kolembedwa komwe kali pa khomo kapena pafupi ndi injini. Dziwani kuti mu tani imeneyi muli dalaivala, okwera ndi chilichonse chomwe mwaonjezera pa galimoto.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Tani imodzi ndi makilogalamu 1,000, omwe ndi matumba 20 a makilogalamu 50. Tichotsepo dalaivala ndi womuthandiza, tinene makilogalamu 140. Tichotseponso zitsulo zomwe mwawotcherera kumbuyo, jeke ndi chigubu cha dizilo, tinene makilogalamu 60. Otsala ndi 800, kutanthauza matumba 16 basi. Mukapakira matumba 30 n'kukweza anthu asanu pamwamba, mwaipatsa galimoto katundu wa maulendo awiri.

Zotsatira zake zimadziwika. Masipuling'i amawongoka mpaka ekiselo imagunda chesisi pa bampu iliyonse, ndipo kugunda kumeneku ndi komwe kumapinda chesisi pakati pa kabu ndi bodi. Kutsogolo kumapepuka, chiwongolero sichimveranso, ndipo pa mtsetse mabuleki amatentha n'kuleka kugwira. Apa zomwe zili pa chiswe ndi miyoyo ya anthu omwe akhala pamwamba pa matumba.

Ambiri amathamangira kuonjezera zitsulo pa masipuling'i. Galimoto imaoneka ngati yaima bwino, koma ekiselo, mabering'i, matayala ndi mabuleki zimakhala zomwe zija, ndipo mphamvu zake sizinaonjezereke. Ena amawotcherera chitsulo cha sipuling'i chikathyoka. Moto umaononga kulimba kwa chitsulo chimenechi, ndipo chimathyokanso pafupi ndi pomwe mwawotchererapo. Kumanga ndi mphira n'kongokufikitsani ku galaja pang'onopang'ono mutatsitsa katundu.

Popakira, ikani katundu wolemera pansi, kufupi ndi kabu, kutsogolo kwa ekiselo ya kumbuyo, ndipo alingane mbali zonse ziwiri. Musasanjike matumba pa chitseko cha kumbuyo chitatsegulidwa. Mabelo a fodya amatalika, choncho amangeni zolimba ndipo mukhote mwapang'onopang'ono.

Zoyenera kuona pogula ndi posamala

1. Imikani galimoto pa malo osalala ilibe katundu, muione kuchokera kumbuyo ndi m'mbali. Ikapendekeka, sipuling'i ya mbali imodzi yatopa kapena yathyoka.

2. Werengani zitsulo za masipuling'i mbali zonse ziwiri. Zikakhala zoonjezera kapena zowotcherera, dziwani kuti galimotoyo inkazunzidwa ndi katundu.

3. Onani timphira toletsa ekiselo kugunda chesisi. Tikakhala tophwanyika kapena tosowa, yang'anitsitsani chesisi ngati ilibe ming'alu kapena zigamba zobisidwa ndi penti.

4. Uzani mnzanu ayendetse galimoto inu muli kumbuyo kwake. Ikamayenda chammbali ngati nkhanu, mwina bawuti ya pakati pa sipuling'i yaduka ndipo ekiselo yasuntha.

5. Mangitsani ma U-bolt, omwe amagwira sipuling'i ku ekiselo, makamaka patapita masiku ochepa chisinthireni masipuling'i. Akamasuka ndi pomwe bawuti ya pakati imaduka.

6. Mverani phokoso. Kugogoda pa mabampu nthawi zambiri ndi mabushi otha. Pomwe pali kabowo kothirira girisi, thirani, makamaka mukaoloka mitsinje nthawi ya dzinja.

7. Tsukani kunsi mukayenda m'matope, komanso mukanyamula feteleza, chifukwa feteleza amadya chitsulo.

8. Musalowe kunsi kwa galimoto yomwe yakwezedwa ndi jeke yokha. Ikani zochirikiza zolimba ndipo mupinge matayala ndi miyala.

Pomaliza, musanapereke ndalama pitani kwa ogulitsa zipangizo ku Mponela kapena ku Lilongwe mukafunse mtengo wa sipuling'i, shock absorber ndi mabushi a galimoto yomwe mukufunayo, ndiponso ngati zimapezeka. Tengani makaniko wanu akaione yekha kunsi, pajatu safunsa anadya phula. A makalabu ndi makopaletivi, gwirizanani chiwerengero cha matumba pa ulendo umodzi, muchilembe m'buku, ndipo dalaivala asapyole ngakhale mwini katundu ndi wapampando. Dizilo wa ulendo wachiwiri ndi wotchipa poyerekeza ndi chesisi yopindika.

Sabata ya mawa tidzakambirana za matayala ndi mpweya woyenera pa msewu wa dothi.