Digiri Yachiwiri ya Ubale wa Mayiko: Mafunso a Mwana wa kwa Mfumu Kalindawalo

Kodi wa ku Petauke kapena ku Nyimba maphunziro amenewa akumukhudza pati?

Ambiri akamva za ubale wa mayiko amaganiza za akazembe a ku New York kapena ku Addis Ababa, n'kunena kuti zimenezo n'za ana a ku Lusaka. Komatu ndi madera ochepa m'Zambia muno amene zochita za mayiko zawafika pakhomo ngati kuno. Malire amene Britain ndi Portugal anagwirizana mu 1891 anadula pakati pa Ansenga, ena n'kutsala kuno, ena ku Tete, m'dziko la Mozambique. Nkhondo ya Renamo ndi boma la Frelimo itafika povuta m'zaka za m'ma 1980, zigawenga zinkalowa m'midzi ya chigawo cha kum'mawa, ndipo othawa nkhondo zikwizikwi anakakhala ku Ukwimi, malo amene anatsegulidwa mu 1987 m'boma la Petauke. Anayamba kubwerera kwawo mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 October 1992. Amene anagawana nawo minda, zitsime ndi manda akalipo, ndipo ambiri sanafunsidwepo ndi wofufuza wodziwa Chinsenga. Wophunzira wa kuno ali ndi chuma chimene mnzake wa kutali amachita kuchilipirira ndege ndi womasulira.

Nanga pa digiri yachiwiri amaphunzira chiyani, ndipo kuti?

Amaphunzira chifukwa chimene mayiko amamenyanirana kapena kugwirizana, malamulo a pakati pa mayiko, malonda, ngongole ndi luso lokambirana. Chimene chimasiyanitsa digiri imeneyi ndi yoyamba ndi kafukufuku: munthu amasankha funso limodzi, kulisakira umboni, n'kuliteteza pamaso pa aphunzitsi. Ku Copperbelt University kuli Dag Hammarskjöld Institute for Peace and Conflict Studies, yotchedwa dzina la mlembi wamkulu wa United Nations amene anafera pa ngozi ya ndege pafupi ndi Ndola mu September 1961. University of Zambia imaphunzitsa za ndale, Mulungushi University ku Kabwe za ubale wa mayiko, ndipo ku Lusaka kuli Zambia Institute of Diplomacy and International Studies.

Koma ntchito zaukazembe n'zochepa. Si kutaya ndalama kumeneku?

Mawu amenewa ali ndi nzeru, ndipo kholo logulitsa mtedza kapena nthochi za ku Nyimba kuti lilipire fizi liyenera kuwanena. Malo ku unduna wa zakunja ndi owerengeka, ndipo akazembe ena amasankhidwa pa zifukwa za ndale. Wolowa maphunzirowa akungoyang'ana ku ofesi ya kazembe akhoza kugwira fuwa la moto. Koma ntchito ya ubale wa mayiko yambiri simachitikira kumeneko. Imachitikira pa chipata cha Chanida, m'malire ndi Mozambique, pamene malole ochokera ku Beira amaima pamzere, ndiponso pa Mwami, m'malire ndi Malawi, pamene mayi wa matumba angapo a katundu amadzaza fomu. Taonani ichi: Zambia ndi Malawi onse ali mu COMESA, bungwe lomwe likulu lake lili ku Lusaka, ndipo wamalonda wamng'ono ali ndi njira yofupikitsa yoolotsera katundu wosapitirira madola 2,000. Mozambique sali mu COMESA, ali mu SADC mokha. Choncho wamalonda yemweyo akatembenukira ku Tete amapeza malamulo ena. Kusiyana kumeneku kuli ndi mtengo wake m'thumba la mlimi, ndipo wina ayenera kukuwerengera bwino n'kukakufotokoza kumene mapangano amakambidwa. Chimodzimodzinso ngongole. Zambia italephera kulipira mu November 2020, panapita zaka zoposa ziwiri kuti mu June 2023 igwirizane ndi mayiko oikongoza, motsogozedwa ndi China ndi France, pa ngongole ya madola 6.3 biliyoni. Nthawi yonseyo kwacha inkagwedezeka, ndipo kugwedezeka kwake kunkamveka pa mtengo wa thumba la feteleza ku Petauke. Dziko losowa anthu ake odziwa kukambirana zotere limalipira alendo kuti aliyankhulire.

Kuphunzira kunja si ndiye kwabwino koposa?

Kunja kuli malaibulale aakulu, zimenezo n'zosatsutsika. Thandizo la Chevening la boma la Britain limalipira digiri ya chaka chimodzi, koma limafuna munthu amene wagwirapo ntchito zaka ziwiri, ndiponso wolonjeza kubwerera kwawo kwa zaka ziwiri akamaliza. Chodetsa nkhawa n'chakuti wophunzira akafika kumeneko amakopeka kulemba za NATO kapena za mkangano wa America ndi China, nkhani zimene anzake mazanamazana akulemba kale, mwinanso ndi zipangizo zomuposa. Osankha ophunzira nawo amafuna kumva funso limene wopemphayo angaliyankhe kuposa wina aliyense. Wonena kuti akufuna kufufuza mmene mafumu a Ansenga a mbali ziwiri za malire amaweruzira milandu ya minda ndi ng'ombe zobedwa, kapena mmene kuletsa chimanga kutuluka m'dziko kumasinthira mitengo m'midzi ya m'malire, amamveka kuti akudziwa chimene akupitira.

Ndiye munthu ayambire pati?

Ayambe ndi Chipwitikizi, pakuti zikalata za ku Tete ndi ku Maputo zili m'chinenero chimenecho, ndipo Azambia ochidziwa ndi ochepa. Awerenge pangano la Lusaka la pa 7 September 1974, limene linatsegula njira ya ufulu wa Mozambique. Kenaka, asanalembe kalata yopempha malo, akhale pansi ndi nyakwawa ndi amalonda a m'malire, awafunse chimene chimawavuta, pakuti mutu wa kafukufuku uyenera kuchokera pa mayankho awo.