MAFUPA AKALE M'MATOPE A NYANJA

Inu owerenga a ku Neno amene mumaoloka Lisungwi nthawi ya dzinja mudziwa kuti madzi akaphwa amasiya matope ndi mchenga. Nyanja nayonso imatero. Chaka ndi chaka matope amasanjikizana pansi pake, ndipo nyama ikafera m'mphepete, mafupa ake amakwiririka afisi asanawaphwanye. Patapita zaka zambirimbiri mafupawo amasanduka mwala.

Ku Karonga kuli malo otere. Kalekale nyanja inafika pamene lero pali mtunda wouma, nisiya matope amene akatswiri amawacha Chiwondo Beds. Woyamba kulemba za malowa ndi Frank Dixey, katswiri wa miyala wa Boma la Nyasaland, m'zaka za m'ma 1920. M'matopemo muli zigoba za nkhono za m'madzi, ndiponso mano a nguluwe, mvuu, njobvu ndi nyama za mtundu wa agwape.

Kodi amakumba bwanji? Sayamba ndi khasu ai. Mvula ikatha amayenda pang'onopang'ono m'zigwembe, maso ali pansi, kufuna zimene madzi afukula. Akaona kapfupa amalemba malo ake, ndipo amakumba kadzenje koyesera kuti aone m'mene dothi lasanjikizirana. Dothi la pansi ndilo lakale, la pamwamba ndilo la pambuyo. Amapala pang'ono pang'ono ndi timipeni ndi burashi, ndipo dothi lonse amalisefa monga amai asefera ufa. Nchito imeneyi njotopetsa, ndipo masiku ambiri amabwerako chimanjamanja.

M'chaka cha 1991 gulu lotsogozedwa ndi Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage, pamodzi ndi Amalawi, linapeza chibwano cha munthu wakale pa Uraha, kufupi ndi Chilumba. Akatswiri amati chakhala zaka ngati 2,400,000, ndipo mwini wake anali wa mtundu wochedwa Homo rudolfensis. Mwina mufunsa, zaka zimenezi anaziwerenga ndani? Anathandizidwa ndi mano a nguluwe amene anali m'dothi lomwelo. Mano a nguluwe zakale anali kusintha maonekedwe pakupita kwa nthawi, ndipo ku Kenya ndi ku Ethiopia mano ofanana nawo anapezeka pakati pa phulusa la mapiri ophulika, limene zaka zake zimayesedwa bwino. Taonani tsono: chibwanocho chikadatoledwa ndi munthu wodutsa nkukachiika pa windo, palibe akadadziwa msinkhu wake.

Nchifukwa chake tikupempha inu oumba njerwa, okumba zitsime ndi ana oweta mbuzi m'mbali mwa Lisungwi ndi Mkulumadzi: mukaona pfupa lolemera ngati mwala litatulukira pa chigwembe, musalizule, musaliphwanye, ndipo musaligulitse kwa munthu aliyense, pakuti lamulo la dziko limateteza zinthu zakale. Ikani chizindikiro pamalopo, uzani amfumu, ndipo iwo akanene kwa Bwanamkubwa pa boma la Neno. Mwina lidzakhala pfupa la ng'ombe ya chaka chatha, koma zimenezo asiyireni akatswiri.

Aphunzitsi angathe kuonetsa ana phunziroli mosabvuta. Thirani mchenga, dothi ndi madzi m'botolo, khutchumulani, ndi kuliika pa tebulo mpaka m'mawa. Ana aone okha chimene chakhala pansi ndi chimene chakhala pamwamba.