Masiku Atatu a Sabata Loyera: Kodi Ife Amayi Timakhala Kuti?

Werengani: Yohane 13:1-17; Marko 15:33-47; Luka 23:50 mpaka 24:12

Nyengo ya Lenti ikamapita kumapeto, mitima ya ambiri a ife imathamangira ku Lamulungu la Pasaka. Timaganiza za yunifolomu yochapa ndi kusita, za nkhuku ndi mpunga, za ana amene akubwera kuchokera ku tauni. Zimenezi si zoipa ayi. Koma tonse tikudziwa kuti mabenchi amene amadzaza pa Lamulungu la Kanjedza ndi pa Pasaka amakhala ndi mipata yambiri Lachinayi madzulo ndi Loweruka usiku. Phunziro lathu likukhudza mipata imeneyo.

Zifukwa zake tikuzidziwa. Pasaka alibe tsiku lokhazikika. Amagwa pa Lamulungu loyamba mwezi ukakhala wathunthu pa 21 Malichi kapena pambuyo pake, ndiye kuti pakati pa 22 Malichi ndi 25 Epulo. Kwathu kuno imeneyi ndi nthawi imene mvula ikutha, chimanga chikuuma m'munda, nyemba zikufuna kuzula, ndipo ntchito zambiri zimenezi zili m'manja mwa mayi. Tikafika madzulo thupi limakhala litatheratu. Ngakhale zili choncho, tiyeni timve za mayi wina amene anatopa kuposa ife.

Mayi amene anatilembera zonse

Zambiri zimene Mpingo umadziwa za mapemphero akale a Sabata Loyera tinazilandira kuchokera kwa mkazi. Dzina lake ndi Egeria. Anachokera kumadzulo kwa Ulaya, nayenda ulendo wautali mpaka ku Yerusalemu, kumene anakhala cha m'zaka za 381 mpaka 384. Zonse zimene anaona ankazilembera amayi anzake a kwawo, monga momwe mnzathu wopita ku msonkhano wa dayosizi amabwera kudzatifotokozera. Zolemba zakezo zinasowa kwa zaka mazana ambiri, ndipo zinapezeka mu 1884 mu mzinda wa Arezzo ku Italy.

Egeria akufotokoza kuti pa Lamulungu la Kanjedza madzulo, anthu ankatsika Phiri la Azitona pamodzi ndi bishopu atanyamula nthambi za kanjedza ndi za azitona. Ana osatha kuyenda ankanyamulidwa pa mapewa, nawonso atagwira nthambi, ndipo ulendo unkayenda pang'onopang'ono kuti okalamba asatsalire. Lachinayi ankachezera usiku wonse, n'kutsikira ku Getsemane ndi makandulo oposa 200. Lachisanu m'mawa bishopu ankakhala pa Gologota atagwira ndi manja ake mtengo umene ankakhulupirira kuti ndi wa mtanda weniweni, anthu n'kumabwera mmodzimmodzi kudzaupsompsona. Madikoni ankaima mozungulira kulondera, chifukwa akuti munthu wina anauluma n'kuthawa ndi kachidutswa m'kamwa! Kuyambira 12 koloko masana mpaka 3 koloko ankaima pabwalo kumvera mawu a m'Malemba, ndipo akuti panalibe wamkulu kapena wamng'ono amene sankalira.

Miyambo imeneyi inafalikira m'mipingo ya ku Ulaya, ndipo kwa ife inafika ndi amishoni a UMCA, amene anayamba ku Magomero mu 1861 ndipo pambuyo pake anakhazikika pa chilumba cha Likoma mu 1885. Choncho pamene tikuzungulira tchalitchi ndi kanjedza, mwana ali kumsana, tikuchita zimene amayi a ku Yerusalemu ankachita zaka zoposa 1,600 zapitazo. Timitanda ta kanjedza tisamataye. M'maparishi ambiri ndi timeneti timatenthedwa chaka chotsatira kuti papezeke phulusa la Lachitatu la Phulusa.

Lachinayi Loyera

Mfundo yofunika kuigwira ndi iyi: mapemphero a Lachinayi madzulo, a Lachisanu ndi a Loweruka usiku ndi pemphero limodzi logawidwa patatu. Mukhale tcheru chaka chino. M'maparishi ambiri Misa ya Lachinayi imatha popanda wansembe kupereka madalitso, ndipo Lachisanu amalowa mwakachetechete osatipatsa moni. Chifukwa chake n'chakuti sitinabalalike, tangopuma. Wobwera pa Pasaka pokha ali ngati munthu wofika pa maliro anthu akuchokera kumanda.

Usiku wa Lachinayi timakumbukira kuti Ambuye anatipatsa Ukaristia, ndiponso kuti anasambitsa mapazi a ophunzira ake. Ntchito imeneyi inali ya kapolo, n'chifukwa chake Petro anayamba wakana. Ife amayi sitidabwa ndi beseni ndi chopukutira. Tasambitsa makanda, tasambitsa apongozi odwala, ena tasambitsa amuna athu osatha kudzuka pa mphasa. Chovuta kwa ife ndi chimene chinavuta Petro, kulola kuti wina atitumikire. Alipo amayi pakati pathu amene akusenza matenda a m'nyumba, njala kapena nkhanza za m'banja okhaokha, chifukwa cha manyazi. Yesu anauza Petro kuti akakana kusambitsidwa alibe gawo mwa Iye. Amayi amene mukuvutika mwakachetechete, mawu amenewa akunena ndi inu.

Ndipo tisaiwale kuti Yudasi nayenso anasambitsidwa. Ngati pali mnzathu mu gulu amene sitikulankhulana naye chifukwa cha ndalama za zopereka kapena chisankho cha maudindo, nkhaniyo ithe Lachinayi lisanafike. Ansembe amakhala okonzeka kumva kulapa kwathu m'sabata limeneli.

Misa ikatha, guwa limavulidwa nsalu zonse, kawirikawiri akuwerenga Salimo 22. Ife amene timachapa ndi kusita nsaluzo timamva kuwawa kuona guwa lili lamaliseche, ndipo n'koyenera kuti timve choncho, pakuti ndi momwe Ambuye anavulidwira. Kenaka timatsala kudikira pamaso pa Sakramenti Lodala, ena mpaka pakati pa usiku, ena mpaka kucha. Ku Getsemane Yesu anapempha ola limodzi lokha, ndipo anzake atatu aja anagona. Timati maliro n'kulirana. Mnansi akamwalira sitifunsa ngati tatopa, timatenga chitenje n'kukagona m'siwa, ngakhale masiku awiri. Nanga bwanji ola limodzi la Ambuye limatikulira?

Lachisanu Loyera

Pa tsiku limeneli mkate ndi vinyo sizidalitsidwa. Kumene anthu amalandira, amalandira zimene zinasungidwa Lachinayi. Timayenda Njira ya Mtanda, timamva nkhani ya masautso monga anailembera Yohane, timapempherera dziko lonse, ndipo timagwada pa mtanda. Ena amatifunsa ngati sitikupembedza thabwa. Yankho n'lakuti ulemu wathu ukupita kwa Iye amene anapachikidwapo. Mapemphero a maola atatu olingalira mawu asanu ndi awiri a pa mtanda ndi a posachedwapa poyerekeza ndi enawa. Anayambira ku Lima, m'dziko la Peru, zaka zoposa 300 zapitazo, ndipo Mpingo wa Anglican unawatengera pambuyo pake.

Marko akuti pamene amuna ambiri anali atathawa, amayi anali pomwepo akuyang'ana chapatali: Mariya wa Magadala, Mariya amake a Yakobo ndi Yose, ndi Salome, amene ankamutumikira ku Galileya, pamodzi ndi amayi ena ambiri. Sanathe kuletsa asilikali. Sanalalikire, sanaimbe. Anangokhalapo, naonetsetsa malo amene mtembo unaikidwa. Kungokhalapo kumeneko n'kumene kunawachititsa mboni, pakuti munthu amene sanaone manda Lachisanu sakanadziwa kopita Lamulungu m'mamawa.

Pa nkhani ya kusala kudya, amayi oyembekezera, oyamwitsa, odwala shuga ndi amene ali pa mankhwala a tsiku ndi tsiku asadzikakamize. Adye, amwe mankhwala awo, abwere kudzapemphera.

Loweruka Loyera ndi usiku wa Pasaka

Luka akutiuza chinthu chimene timachidumpha powerenga. Amayi aja atakonza zonunkhira, anapuma pa Sabata monga mwa lamulo. Ntchito ya maliro inali isanathe, koma anakhala pansi. Ife Loweruka limeneli ndi limene timathamanga kwambiri: kusesa ndi kukolopa tchalitchi, maluwa, kumsika, kuchigayo. Ntchitozi n'zofunika, koma zikatidyera mphamvu zonse, pofika usiku timakhala tikusinza pa pemphero lalikulu kuposa onse a m'chaka.

Usiku umenewo moto watsopano umayatsidwa panja, mu mdima. Kandulo ya Pasaka imayatsidwa pa motowo n'kulowa m'tchalitchi, ndipo aliyense amapala kuwala kwa mnzake, monga timapalirana moto kumudzi. Timamva za chilengedwe ndi za kuoloka Nyanja Yofiira, timabwereza malonjezo a ubatizo wathu, ndipo Aleluya amene tinamusiya chiyambire Lenti amabwerera. Kuyambira kale, uwu ndiwo unali usiku wobatiza akulu amene anaphunzira Lenti yonse. Ana athu ambiri sanauonepo, chifukwa timawasiya akugona.

Tikudziwa kuti m'matchalitchi ang'onoang'ono a kutali wansembe sangafike masiku onse atatu. Kumeneko akatekisti ndi atsogoleri a mpingo angathe kutsogolera kuwerenga masautso, Njira ya Mtanda ndi kudikira, atagwirizana ndi abambo a parishi. Amayi tisayembekezere kuitanidwa.

Pokambirana m'magulu, tiyankhe moona: ndi tsiku liti mwa atatuwa limene ambiri a ife timajomba, ndipo chimatiletsa n'chiyani? Tikapeza yankho, tigawane maola a kudikira kwa Lachinayi awiriawiri, kuti wina asayende yekha usiku. Tisankhe oyang'anira ana pa maola atatu a Lachisanu mosinthana, ndi operekeza agogo ndi tochi Loweruka usiku. Kukonza m'tchalitchi kuthe pofika masana. Odwala amene sangathe kufika tiwalembe mayina, kuti abambo akawapatse Ukaristia m'sabata la Pasaka. Amayi apampando a nthambi iliyonse apereke ndondomeko imeneyi kwa abambo a parishi Lamulungu la Kanjedza lisanafike.