Mtsempha Waukulu wa Magazi Ukatupa

Mtsempha waukulu wa magazi, umene madokotala amaucha aorta, umacokera kumtima ndi kutsikira m'mimba. M'mimba mwake ndi masentimita 2. Mwa anthu ena, makamaka amuna a zaka 65 kupita m'tsogolo amene amakoka fodya kapena ali ndi BP, mtsemphawu umafooka ndi kuyamba kutupa monga chubu ca njinga. Kawirikawiri palibe cimene cimawawa.

Ukaphulika, munthu amamva kuwawa koopsa m'mimba kapena kumsana, ndipo angakomoke. Pa anthu 10, pafupifupi 8 amafa, ambiri asanafike n'komwe kucipatala. Ndiwo matenda amene anapha Albert Einstein mu 1955. Amene afika ali moyo amawacita opaleshoni yamwadzidzidzi, yofuna magazi ambiri ndi masiku oculuka m'cipinda ca odwala kwambiri. Ndalama zimapita zambiri, koma ngakhale telo ambiri sapulumuka.

Kutupaku kumaoneka pa sikani, imodzimodzi imene amapimira azimai apakati. Kukakhala kocepa, dokotala amangokupima nthawi ndi nthawi, ndipo wodwala amaleka fodya ndi kumwa mankhwala a BP. Kukafika masentimita 5.5, amaika tsiku la opaleshoni. Pa odwala 100 ocitidwa opaleshoni yotere, amafa ndi ocepa cabe, ndipo banja limapeza mpata wosonkha ndalama za ulendo wa kucipatala cacikulu.

Bambo wacikulire amene amamva cinthu cikugunda pafupi ndi mcombo, kapena amene m'bale wake anadwalapo matendawa, apite kukiliniki akapemphe sikani.