Kodi kachipangizo kamadziwa bwanji kuti munthu wagwa?

Tiyerekeze kuti ndi 2 koloko usiku. Mlonda wa pa nyumba yosungiramo chimanga wakwera pa makwerero kuti akonze babu lomwe likuphethira. Phazi laterereka, wagwa chagada, mutu wamenyetseka pa simenti. Foni ili m'thumba, mayunitsi alimo, koma mwini wake wakomoka. Anzake afika 6 koloko m'mawa. Nkhani yathu yagona pa maola anayi amenewo.

Kugwa si nkhani yaing'ono. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 684,000 amamwalira chaka chilichonse chifukwa cha kugwa, ndipo pa imfa zobwera mwangozi, kugwa kumaposedwa ndi ngozi zapamsewu zokha. Kwa munthu wogwira ntchito payekha, monga mlonda, wokonza mawaya a magetsi kapena woyang'anira mapampu a madzi kutali ndi mudzi, vuto limakhala pawiri: wavulala, komanso palibe amene waona. Magazi akamatuluka, kapena akamaunjikana m'kati mwa mutu, ola lililonse limachepetsa mwayi wopulumuka.

N'chifukwa chake makampani ena amapatsa antchito oterewa kachipangizo kovala pa lamba, pachifuwa kapena pamkono, kamene kamaitana thandizo kokha munthu akagwa. Funso n'lakuti: kalibe maso, nanga kamadziwa bwanji?

Yankho lili mu foni yanu yomweyo. Mukaitembenuza chammbali, chithunzi nacho chimatembenuka, si choncho? Chimene chimauza foni kuti yatembenuka ndi kachipangizo kotchedwa accelerometer, kakang'ono ngati njere ya mpunga. M'kati mwake muli kanthu kolemera pang'ono kwambiri kopangidwa ndi silicon, kolendewera pa timasipuling'i tomwe simungatione ndi maso. Foni ikagwedezeka, kanthuka kamatsalira m'mbuyo pang'ono, monga mmene inu mumakankhikira ku mpando minibasi ikanyamuka mwaphuma. Kusuntha kumeneko kumasintha mpata wa pakati pa timapuleti ta magetsi, ndipo foni imakusandutsa nambala. Tizipangizo totere tinayamba kufala m'zaka za m'ma 1990 pomwe tinkaikidwa m'magalimoto kuti tizitsegula airbag pa ngozi.

Tsopano apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka, choncho tiyende pang'onopang'ono. Mukaika foni pa tebulo, osaikhudza, mungaganize kuti accelerometer iwerenga 0. Ayi ndithu. Imawerenga pafupifupi 9.8 m/s², nambala ija mumaidziwa ya mu Physics, imene timaitchula mwachidule kuti 1 g. Chifukwa chake n'chakuti dziko likukokera kanthu kolemera kaja pansi, pomwe tebulo lagwira foni kuti isatsike. Timasipuling'i tija timatamuka, ndiye kachipangizo kamawerenga kutamukako.

Nanga foni ikamagwa? Foni ndi kanthu ka m'kati kaja zimagwera limodzi pa liwiro lofanana. Palibe chikukoka chinzake, timasipuling'i tamasuka, nambala imatsikira ku 0. Ndiye kuti chinthu chokhala phee chimawerenga 1 g, chinthu chomwe chikugwa chimawerenga 0. Zikumveka ngati zotembenuza, koma ndi momwemo. Anthu a mu International Space Station, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 400 kuchokera pansi pano, amayandama pa chifukwa chomwechi. Sikuti mphamvu yokoka ya dziko kulibe kumeneko. Iwo pamodzi ndi chombo chawo akugwa nthawi zonse, kungoti akuthamanganso chammbali kwambiri moti amangozungulira dziko osaligunda.

Mukhoza kuziona nokha popanda foni. Boolani botolo la pulasitiki chakumunsi, thiranimo madzi, muone akutuluka pabowo. Kenako kwerani pa khonde mulisiye ligwe. Nthawi yonse yomwe lili m'malere, madzi amaleka kutuluka.

Accelerometer imayeza mbali zitatu, x, y ndi z, chifukwa munthu sagwa molunjika ngati mwala. Kuti kachipangizo kapeze nambala imodzi, kamachulukitsa iliyonse ndi iyo yomwe, n'kuphatikiza zitatuzo, n'kupeza square root. Ndi Pythagoras yemwe uja wa mu Masamu, wangoonjezeredwa mbali yachitatu. Ubwino wake ndi wakuti kaya kachipangizo kaima, kapendekeka kapena kazondoka, munthu akakhala chete yankho limakhala 1 g basi.

Tibwerere kwa mlonda uja. Tinene kuti anagwa kuchokera pa mamita atatu. Pogwiritsa ntchito h = ½gt², tipeza kuti anakhala m'malere masekondi 0.78 okha, ndipo pofika pansi liwiro lake linali pafupifupi 7.7 m/s, omwe ndi makilomita pafupifupi 28 pa ola. Thupi likaima m'kati mwa masekondi 0.1, kusintha kwa liwiro ndi 77 m/s², pafupifupi 8 g. Choncho kachipangizo ka pa lamba wake kanamva zinthu izi motsatizana: nambala inatsika kuchoka pa 1 g kulowera ku 0, kenako inalumpha mwadzidzidzi kufika pamwamba kwambiri, kenako inabwerera pa 1 g, koma tsopano ikuloza mbali ina chifukwa munthu wagona. Pamapeto pake, zii, osagwedezekanso.

Pa zonsezi, ine ndimaona kuti chofunika kwambiri ndi chomalizacho. Kulumpha kwa nambala pakokha sikutanthauza kanthu. Mukadumpha pa ngolo, mukadzigwetsa pa mpando mutatopa, kapena kabaza akalowa m'dzenje, nambala imalumphanso. Kusiyana kwake n'kwakuti pambuyo pake mumapitiriza kuyenda. Munthu wovulala sapitiriza. Ndiye kachipangizo kamadikira kaye, kenako kamalira ndi kunjenjemera, ngati kakufunsa kuti, muli bwino kodi? Mukadina batani, nkhani yatha. Mukapanda kudina, kamatumiza uthenga. Wotchi ya Apple Watch, yomwe inayamba kuzindikira kugwa mu 2018 ndi mtundu wa Series 4, imachita chimodzimodzi: ikaona kuti mwini wake sakugwedezeka kwa pafupifupi mphindi imodzi atagwa, imaimba yokha foni yopempha thandizo.

Koma si kugwa konse komwe kumakhala ndi chiphokoso. Munthu amene wapuma mpweya woipa m'thanki, kapena amene shuga wamutsikira, akhoza kutsamira khoma n'kutsetsereka pang'onopang'ono mpaka pansi. Apa palibe kuyandama, palibe kumenyetseka. Kachipangizo kodikira 8 g sikangamve kanthu. N'chifukwa chake tizipangizo ta antchito timakhalanso ndi alamu ina yosasamala za kugwa n'komwe: imangoona ngati munthu wapendekeka kwa nthawi yaitali, kapena ngati sanagwedezeke kwa nthawi yomwe inaikidwa. Ozimitsa moto ku America amavala kachipangizo ka mtundu umenewu kotchedwa PASS, kamene kamalira mokweza kwambiri munthu akakhala osasuntha kwa masekondi pafupifupi 30. Mukadzaona vidiyo ya ozimitsa moto ataima pagulu, wina n'kumagwedeza chiuno mwa apo ndi apo, musadabwe, sakuvina. Akuuza kachipangizo kake kuti akadali bwino.

Apa opanga tizipangizoti amakhala pa mphanda. Akakapanga kukhala kotekeseka msanga, kamalira nthawi iliyonse munthu akawerama kapena akagona chagada pansi pa galimoto kuti akonze injini. Wantchito amatopa nako, amakavula n'kukaponya m'chikwama, ndipo amene amalandira mauthenga amayamba kuwanyalanyaza. Akakapanga kukhala kouma mutu, kadzakhala chete tsiku lomwe munthu wagwadi. Palibe nambala imodzi yothetsa mavuto onse awiri. Chimene amachita ndi kuonjezera mboni zina. Gyroscope imayeza mmene thupi lazungulirira. Barometer imayeza kupanikiza kwa mpweya, komwe kumasintha ndi pafupifupi 12 Pa pa mita iliyonse, choncho imatha kudziwa kuti kachipangizo katsika kuchoka m'chiuno kufika pansi. Mboni zikagwirizana, mwayi wolakwitsa umachepa. Malo ovala nawonso ali ndi gawo: pamkono pamagwedezeka kwambiri ngakhale munthu akungolima kapena kukhoma msomali, pomwe m'chiuno ndi pachifuwa zimatsatira bwino kayendedwe ka thupi lonse.

Uthenga ukatuluka umayenda pa netiweki ya mafoni, utanyamula malo omwe GPS yapeza. Kwathu kuno tikudziwa kuti pali madera omwe munthu amachita kukwera pa chulu kuti aimbe foni, ndipo wakugwa sangakwere chulu. Tizipangizo tina timadzera pa setilaiti kapena pa wailesi ya ovaova, koma mtengo wake umakwera. GPS nayo imavutika m'kati mwa nyumba ya malata kapena pansi pa nthaka, chifukwa imafuna kumva masetilaiti osachepera anayi. Ndipo ngakhale zonse zitayenda bwino, uthenga wa mlonda uja ukafika 2 koloko usiku pa foni ya bwana yomwe yathimitsidwa, mlondayo adzapezedwabe 6 koloko yomweyo. Kampani yogula tizipangizoti iyenera kugwirizana kaye kuti adzayankhe ndani, adzafika pa chiyani, ndipo makiyi a pageti ali ndi ndani.

Ngati panyumba pali foni yamakono ndipo eni ake avomera, ikanimo pulogalamu yaulere ya phyphox, yopangidwa ku yunivesite ya RWTH Aachen ku Germany. Sankhani pomwe palembedwa Acceleration with g, muike foni pa tebulo, muone ngati ikuwerenga pafupi ndi 9.8. Kenako igwetsereni pa matilesi kuchokera pa theka la mita, pa matilesi ndithu, osati pa simenti. Pa girafu muona chigwa chotsikira ku 0 chotenga masekondi pafupifupi 0.3, kenako phiri lakuthwa. Mukatero iikeni m'thumba, mudumphe, mukhale pa mpando mwamphamvu, mutsetsereke pa khoma pang'onopang'ono. Yerekezani magirafu anayiwo, ndipo muyese kulemba lamulo lanulanu loti alamu izilira pa kugwa kokhakokha.