PHUNZIRO LA MWEZI UNO: NCHITO YA NKHOSWE PAMENE UKWATI ULI KUTHA

Anthu ambiri kuno ku Dedza amayesa kuti nchito ya nkhoswe ndi kusinthana tambala ndi msoti pa tsiku la chinkhoswe, ndi kukhazika pansi mwamuna ndi mkazi wache akayambana. Ukwati ukafika poti sungalunzikenso, ankhoswe ena amangoti, "Ife zatikanika," nabwerera ku makasu ao. Phunziro lino liri kunena kuti pamenepo ndi pamene nchito ya nkhoswe imakula koposa. Muliwerenge mokweza kuti ndi anzathu osadziwa kuwerenga amveko.

KU MAIKO ENA AMACHITA KULIPIRA

Ku America ndi ku Britain kuli anthu amene amalandira malipiro chifukwa cha kuyenda ndi munthu amene banja lache liri kutha. Kumeneko amawatcha divorce coach. Munthu wotere si loya, ndiponso si woweruza. Iye amathandiza mnzache kuugwira mtima, kusonkhanitsa mapepala ofunika, kuganizira ana, ndi kulankhula ndi amene ali kulekana naye popanda kutukwanizana. Nchitoyi inakula pamodzi ndi njira yothetsera ukwati mokambirana, imene loya wina dzina lache Stuart Webb anaiyamba mu mzinda wa Minneapolis m'chaka cha 1990. Tsono chimene anzathuwo amagula ndi ndarama, ife makolo athu anatisiyira kale. Chatsala ndi kuti ankhoswe athu aidziwe mbali imeneyi ya nchito yao.

BVUTO LIMAYAMBIRA PATI?

Pa chikamwini mwamuna amasiya kwao nakamanga kwa mkazi. Munda ndi wa mbumba ya mkazi, ndipo ana amawerengedwa kuchikazi, pansi pa malume ao. Ukwati ukatha, wochoka ndi mwamuna. Pa chitengwa wochoka ndi mkazi. Kotero nthawi zonse pali mmodzi amene amasiya nyumba, munda ndi thukuta lache m'mudzi wa eni.

Tiyerekeze banja la ku Bembeke labzala mbatata ya kachewere kudimba. Mwamuna anagulitsa mbuzi zache ziwiri nagula mbeu ndi feteleza. Mkazi anapereka dimba la amai ache, ndipo ndiye wakhala akupalira ndi kuthirira. Ukwati watha mbatata isanakhwime. Abale a mkazi ati, "Dimba ndi lathu." Mwamuna ati, "Feteleza ndi wanga." Popanda wowaunikira, mwamuna adzabwera usiku kudzakumba mbatata yanthete, kapena kusasula malata pa nyumba imene mugona ana ache omwe. Mbatata yoyenera kudzaza matumba idzangokwana m'dengu, ndipo olira ndi ana. Nkhoswe wanzeru amaona zimenezi zisanachitike.

LAMULO LIRI KUTI CHIANI?

Nkhoswe sangatsogolere munthu pa njira imene iye mwini saidziwa. Nazi mfundo zofunika kuzisunga.

Lamulo la maukwati la chaka cha 2015 limazindikira maukwati a mitundu inai: wolembetsa ku boma, wa chinkhoswe, wa ku chipembedzo, ndi wa anthu ongokhalira pamodzi ngati banja. Wotsirizawu khoti ndilo limautsimikiza, ndipo anthuwo ayenera kukhala atakhalira pamodzi zaka zosachepera zisanu.

Khoti limathetsa ukwati likakhutira kuti wasweka kotheratu, moti sungabwererenso. Ukwati wa chinkhoswe umathetsedwa ku khoti la majisitireti, monga limene liri pa boma pa Dedza.

Ndime 24 ya malamulo aakulu a dziko lino, a chaka cha 1994, imati ukwati ukatha mkazi ayenera kulandira gawo loyenera la katundu amene anali wa awiriwo. Lamulo la 2015 limaonjeza kuti pogawa katundu khoti liwerengere ndi nchito za pakhomo zomwe. Kuphika, kutunga madzi ndi kulera ana ndi thukuta lowerengeka.

Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la chaka cha 2010 limapereka udindo wolera mwana kwa makolo onse awiri. Bambo sanganene kuti, "Anawo ndi a malume ao," naleka kugula makope ndi yunifolomu. Posankha kumene mwana akakhale, khoti limayang'ana chimene chingamkomere mwanayo.

ZIMENE NKHOSWE AYENERA KUCHITA

1. Amvetsere poyamba. Munthu amene banja lache liri kutha amakhala ndi mkwiyo, manyazi ndi mantha. Mlekeni alankhule kufikira atatha, inu muli chete. Zimene mwamva musakazitule ku mowa kapena ku mjigo.

2. Amletse kuchita zinthu ndi mtima wapachala. Kutentha zobvala, kugulitsa mbuzi mobisa, kuthawitsa ana usiku, zonsezi zimabala mlandu wina pamwamba pa mlandu. Muuzeni kuti chinthu chachikulu chiri chonse ayambe wachigonera, ndipo akuuzeni asanachichite.

3. Akumane ndi nkhoswe mnzache wa mbali inayo. Pamene awiriwo sangathe kuonana m'maso, mau azidzera mwa ankhoswe. Koma nkhoswe anyamule uthenga wokha. Zotukwana azisiye panjira.

4. Alembe katundu. Ankhoswe a mbali zonse, pamaso pa nyakwawa, alembe pa pepala zonse ziri pakhomo: ziweto, njinga, malata, chimanga cha m'nkhokwe, mbeu za m'munda, ndarama za ku banki mkhonde, ndi ngongole zomwe. Alembe chimene munthu anabwera nacho, ndi chimene anapeza ali awiri. Mbali iri yonse isunge pepala lache. Za mbatata ija apangane tsiku lokumba, wokagulitsa, ndi kagawidwe kache, mbatatayo ikali m'nthaka. Paja nkhanga zinapangana kusanapse.

5. Aike ana patsogolo. Mugwirizane kumene ana adzagona, amene adzalipira za ku sukulu, ndi masiku amene kholo linalo lidzawaona. Ngati nkotheka, mwana asasinthe sukulu pakati pa chaka. Makolo awauze anawo mau amodzi, akuti kulekanaku si chifukwa cha iwo. Mwana asatumidwe kukazonda za ku nyumba ya bambo wache kapena mai wache.

6. Amperekeze ku khoti. Anthu ambiri a kumudzi amaopa bwalo la mirandu. Nkhoswe amkumbutse tsiku, amthandize kuika nkhani yache m'ndondomeko, ndipo akakhale pafupi. Iye mwini akaitanidwa kuchitira umboni, akanene zoona zokha, ngakhale zikhale zomuwawa mbale wache. Wosowa ndarama ya loya angathe kupempha thandizo ku Legal Aid Bureau, bungwe limene boma linakhazikitsa kaamba ka anthu otere.

7. Asaleke kumuyendera mlandu utatha. Miyezi yoyamba ndiyo yowawa. Mwamuna wobwerera kwao asowa munda ndi pogona. Mkazi wotsala ndi ana asowa womthandiza kulima. Nkhoswe akambe ndi eni mbumba za pamene m'bale waoyo adzalima dzinja likudzalo. Aonenso ngati chithandizo cha ana chiri kufikadi. Chikaleka, njira yobwerera ku khoti ndi yotsegula, ndipo a ofesi yoona za chisamaliro cha anthu pa boma amathandiza pa nkhani za ana.

PAMENE NKHOSWE AYENERA KULEKEZA

Nkhoswe si khoti. Iye sangalamule kuti katundu yense atsale kwa mlongo wache, ndiponso asayembekeze kutolapo mbuzi.

Chachiwiri, mau akuti "banja ndi kupirira" ali ndi malire. Ngati m'nyumba muli kumenya, kuopseza ndi chikwanje, kapena kugwirira ana, imeneyo si nkhani ya pa mphasa. Musambweze munthu ku nyumba yotere. Pitani naye ku chipatala ndi ku polisi, ku ofesi yothandiza ozunzidwa. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la chaka cha 2006 limapatsa khoti mphamvu yoletsa wankhanzayo kumyandikira mnzache.

Chachitatu, ukwati wa mwana wosakwana zaka 18 si wolunzanitsa iai. Malamulo aakulu anakonzedwa m'chaka cha 2017 kuti ali yense wosafika zaka zimenezi ndi mwana. Ife a ku Dedza tinaona chitsanzo kwa Inkosi Theresa Kachindamoto, amene analowa ufumu mu 2003 nathetsa maukwati a ana mazana ambiri m'dera lao, ndi kubwezera anawo ku sukulu. Nkhoswe wa mwana wotere nchito yache ndi kumperekeza kwa aphunzitsi.

MAU OTSIRIZA

Ukwati umatha, koma ubale wobwera ndi ana sukutha. Anthu awiriwa adzakumananso pa matenda, pa maliro, ndi pa chinkhoswe cha ana ao omwewo. Ngati pa tsikulo adzatha kupatsana moni, nkhoswe anaigwira nchito yache. Inu amene mwapemphedwa unkhoswe chaka chino, musanabvomere dzifunseni ngati mudzaimanso pomwepo zinthu zikadzabvuta.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. M'mudzi mwanu, ukwati ukatha mbeu ziri m'munda, mumagawa bwanji?
2. Kodi bambo wa pa chikamwini amaloledwa kudzaona ana ache ukwati utatha?
3. Ndi mirandu iti imene nkhoswe sayenera kuisunga pakhomo?